Kubwerera pa siteji patapita zaka zambiri

Woyimba amene wakhala nthawi yaitali osakwera pa siteji ayambe wakonza pakhosi pake, chifukwa mawu amene azolowera kupuma sachedwa kusasa. Aziyimba tsiku lililonse, n'kumawonjezera mphindi pang'onopang'ono, mpaka azitha kumaliza nyimbo zonse za phwando ali chiimire, mpweya osamuthera.

Kenaka asonkhanitse gulu lake kuti ayeserere pamodzi ndi zida zomwe adzanyamule pa ulendo. Asathamangire malo aakulu ngati BICC ku Lilongwe. Ayambire malo aang'ono, kumene angaone bwino ngati anthu akukumbukirabe nyimbo zake zakale, zomwe ndikuona kuti ziyenera kutsogola zatsopano zisanamveke. Maphwando apanja awakonze pakati pa Meyi ndi Okutobala, mvula kulibe, ndipo asanyamuke asanasayinirane mgwirizano wa malipiro ndi wokonza phwandolo.