Momwe mungapezere nyumba ya aticha pa sukulu ya kumudzi kwanu kudzera mu CDF

Kuyambira 2022 pomwe boma la Zambia linati maphunziro ndi aulere ana anadzadza m'makalasi, ndipo chaka chomwecho analemba aphunzitsi opitilira 30,000, ambiri anawatumiza kumidzi ngati ku Chadiza, Vubwi, Chasefu ndi Lumezi. Vuto ndilakuti mphunzitsi akafika napeza kuti pogona ndi mu ofesi ya ahedi kapena mu stoo ya mabuku, temu imodzi chabe wayamba kale kulondola transifa kuti abwelere ku tauni. Ndiye ngati mufuna aticha akhazikike yambani ndi nyumba, zina zonse zibwere pambuyo.

Choyamba khalani pansi ndi ahedi ndi a komiti ya makolo, ija tinkaitcha PTA. Ahedi akuuzeni ana alipo angati, aphunzitsi angati, nyumba zilipo zingati ndipo ndi angati omwe amachita kupalasa njinga kuchokera kutali. Manambala amenewa muwalembe pa pepala chifukwa kutsogolo konse adzakufunsani omwewa. Osawadumpha ahedi ayi, iwo ndiwo amalankhula ndi ofesi ya DEBS ku boma, yomwe imayang'anira masukulu onse mu distiliki, ndipo pempho lomwe a DEBS salidziwa limavuta kuyenda.

Mukatero pitani kwa anyakwawa a midzi yonse yomwe ana ake amaphunzira pa sukulupo, osati mudzi okhawo uli pafupi. Apa ndipomwe zinthu zambiri zimafera, mudzi umodzi umaumba njerwa ena ali phee kunena kuti sukulu ndi ya boma, mapeto ake oumba aja nawonso amagwa ulesi. Anyakwawa akagwirizana okha kuti mudzi uwu njerwa, uwu mchenga, uwu miyala ndi madzi, anthu amamvera kusiyana ndi kuti ahedi azichita kukuwa pa msonkhano. Nkhani ya malo ithelenso pompo, malire a sukulu adziwike pamaso pa mfumu, kuopa kuti nyumba ikafika pa windo wina adzatulukire ati apa ndi pamunda pa agogo anga.

Musanaumbe njerwa ngakhale imodzi funsani kaye a zomangamanga ku DEBS kapena ku khonsolo kuti afuna saizi yanji ndiponso ngati alola njerwa zootcha kapena afuna mabuloko a simenti. Akalola, umbani mukatha kukolola, June mpaka August, mvula ikayamba palibe adzasiya munda kubwera ku sukulu.

Manje pempho lenileni. CDF, ndalama ya chitukuko yomwe boma limapatsa constituency iliyonse, inali K1.6 miliyoni pa constituency, mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni ndipo yakhala ikukwerabe, koma ndalama imeneyi siyibwera yokha, mumachita kuipempha. Tengani fomu ya ma projekiti a m'dera kwa a WDC, komiti ya chitukuko ya mu wadi yanu, kapena ku khonsolo. Lembani zomveka, nyumba imodzi ya aphunzitsi ndi chimbudzi chake, osati kuika zonse kalasi, mjigo, madesiki, sola pa fomu imodzi. Phatikizani maminitsi a msonkhano wanu, maina a omwe anabwera ndi kalata ya ahedi, mutchulenso zomwe mwasonkhanitsa kale. A WDC ndiwo amasankha zofunika kwambiri mu wadi nkutumiza ku komiti ya CDF, kenako akatswiri a khonsolo amaona mtengo wake. Sungani fotokope ya chilichonse, mapepala amasowa m'maofesi umu.

Akansala anu adziwe, koma chonde nkhaniyi musaiveke chitenje cha chipani. Sankhani anthu awiri ofatsa koma osatopa, mmodzi akhale mzimayi, azipita kukafunsa kuti pempho lafika pati. Likakanika chaka chino funsani chifukwa chake, konzani, mubwezenso.

Likadutsa, kontilakita amasankhidwa ndi khonsolo koma maso ndi anu. Werengani matumba a simenti akamatsitsa, onani malata ndi matabwa, mukaona kuti simenti ikuchepa mu matope kapena matumba ayamba kuyenda usiku uzani ahedi ndi a WDC tsiku lomwelo, osadikila kuti chipupa ching'ambike.

Podikila zonsezi, chifukwa zimatenga nthawi, mphunzitsi watsopano mupezereni nyumba ya lendi yabwinoko pafupi ndi sukulu pa mtengo wa chilungamo, osati kukweza poti amalandila ku boma. Mumuonetse potunga madzi, pomwe netiweki imagwira, ndi wa honda wodalilika womutengera ku boma pa mapeto a mwezi. Ndipo mwana akabwera ndi dandaulo la aticha, pitani kwa ahedi mukakambe bwinobwino, osati kukatukwana pakhomo pa kalasi ana onse akuonelera.