Musamalimbirane ngodya, sakani mphepo yoyera poyamba mpikisano wa maboti a thanga

Inu amene mukuphunzira kupikisana pa maboti a thanga, kaya panyanja ya Malawi nyengo ya mwera kapena padamu, tiyeni tikambirane za mphindi 5 zomaliza mpikisano usanayambe. Boti siliima pamzere kudikira wezulo ngati munthu wothamanga. Limakhala likuyenda, ndipo mzerewo ndi wongoyerekeza, kuchokera pa boti la oyang'anira kufika pa boya, chizindikiro choyandama pamadzi.

Malamulo a bungwe la World Sailing amati kukatsala mphindi 5 akweze mbendera ya gulu lanu, pa mphindi 4 akweze mbendera ya P, yabuluu yokhala ndi bokosi loyera pakati, ndipo ikatsala mphindi imodzi aitsitse ndi kuliza hutala motalika. Tcherani wotchi yanu poyang'ana mbendera. Phokoso limachedwa kukupezani mukakhala patali, ndipo malamulowo amawerenga mbendera.

Fikani msanga kuti mukaone mbali yomwe mzere wakondera. Imikani boti pakati pa mzere, mphuno yake iloze kumene mphepo ikuchokera mpaka thanga liyambe kukupiza pakati penipeni. Mphunoyo ikapendekera ku boya, ndiye kuti mbali ya boya ili pafupi ndi kumene mukupita, komwe mphepo ikuchokera. Ikapendekera ku boti la oyang'anira, mwayi uli kumeneko. Pamzere wa mamita 100, mphepo ikapatuka ndi madigiri 5 okha, woyambira mbali yabwino amakhala atatsogola kale ndi mamita pafupifupi 9. Yesani kawiri kapena katatu, makamaka pafupi ndi mapiri pomwe mphepo imasinthasintha.

Vuto ndi lakuti anzanu nawonso ayesa, ndipo onse akhamukira komweko. Pagulu limenelo amatuluka bwino ndi mmodzi kapena awiri, otsalawo amangokanganirana mpweya wotsala. Thanga la mnzanu limasiya mphepo yosokonekera kumbuyo kwake, mtunda wa maboti angapo, ndipo mukagwera mmenemo mumangoona anzanu akuchepa m'maso. Ine ndimalangiza kuti mulole kutaya mamita awiri kapena atatu, muyambire chapatali pang'ono ndi gululo, koma pomwe mphepo ikukufikani yosaphwanyika.

Chimene muyenera kuteteza kwambiri ndi mpata wa kunsi kwa mphepo, ndiye kuti mbali yomwe mphepo ikupita ikadutsa boti lanu. Kutatsala mphindi imodzi, yandikirani mzere pang'onopang'ono mphepo ikukuombani kuchokera kudzanja lamanja, chifukwa amene ikumuomba kuchokera kumanzere ndiye ayenera kukupatsani njira. Tsamirani kwa mnzanu wa kumtunda kwa mphepo, pakuti lamulo limati wakumtunda apewe wakunsi. Kunsi kwanuko siyani mpata wokwana boti limodzi. Masekondi 10 akatsala, khotetsani mphuno kulowa mumpatamo, kokani chingwe cha thanga, boti litenge liwiro, kuti hutala akamalira mukhale mukudula mzere mukuthamanga. Wina akafuna kulowerera mumpata wanuwo, tsitsani mphuno msanga aone kuti palibe malo, kenako mubwerere.

Pakati pa mzere pamapusitsa. Ambiri amaopa kuti adutsa kale, motero amatsalira kumbuyo osadziwa. Nthawi ikadalipo, pitani kuseri kwa boti la oyang'anira, muyang'ane kudzera pa boya mpaka kumtunda, musankhe chinthu chosasuntha, mlambe kapena denga la malata. Boya ndi mlambewo zikalunjikana, muli pamzere penipeni. Mukafulumira n'kudutsa nthawi isanakwane, akweza mbendera ya X ndipo muyenera kubwerera. Koma akakhala kuti anakweza mbendera yakuda m'malo mwa P, kupezeka kutsogolo kwa mzere m'mphindi yomaliza ndi kuchotsedwa basi.

Musayerekeze kudzipanikiza pakati pa boti la oyang'anira ndi mnzanu wa kunsi. Pamenepo lamulo silimukakamiza kukupatsani malo, ndipo mukamugunda chilango chake ndi kuzungulira kawiri anzanu akupita.

Zikakanika n'kupezeka muli kumbuyo kwa matanga a ena, musakakamire. Yang'anani kumanja ngati kuli njira, tembenukani nthawi yomweyo, mudutse kumbuyo kwa maboti awiri kapena atatu mpaka thanga lanu lidzazenso.