Khansa ya m'mawere: dziwani mtundu wake musanayambe kusakasaka mankhwala atsopano

Mayi akauzidwa kuti chotupa cha m'bere lake ndi khansa, achibale ambiri kuno ku Lusaka amathamangira funso limodzi: mankhwala amphamvu a kunja aja tingawapeze kuti, ndipo ndi ndalama zingati? Funsoli lilibe vuto, koma limafulumira. Mlimi wodziwa ntchito sagula mankhwala opopera asanaone ngati m'munda mwalowa mbozi kapena nsabwe. Nayonso khansa ya m'mawere ili ndi mitundu, ndipo mankhwala othandiza mayi wa ku Chawama akhoza kukhala opanda ntchito kwa mnansi wake amene chotupa chake chikuoneka chimodzimodzi.

Mtunduwo sudziwika pokhudza ndi manja, ngakhale pojambula. Adokotala amatenga kanyama kakang'ono pa chotupacho ndi singano, n'kukatumiza ku labotale. Mphekesera yoti singanoyo imabalalitsa khansa m'thupi ndi yabodza, ndipo yachedwetsa anthu ambiri. Zotsatira zikabwera, funsani ngati kanyamako kapimidwanso zinthu zitatu zimene pa pepala zimalembedwa kuti ER, PR ndi HER2. Ziwiri zoyambazo zimasonyeza ngati khansa ikukula chifukwa cha mahomoni achikazi. HER2 ndi puloteni imene ikachuluka pa maselo a khansa imawachititsa kuswana mwamsanga. Pali khansa ina imene ilibe zitatu zonsezi, ndipo imeneyo imadalira kwambiri kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa.

Pemphani kope la pepala limeneli. Lijambuleni pa foni, lenilenilo muliike m'kapulasitiki pamodzi ndi khadi la kuchipatala. Kaya mwayambira ku Matero, Kanyama, Chilenje kapena ku chipatala cha Chipata komboni, kenako n'kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital, pepalali ndi limene lidzakulankhulirani. Likasowa, nthawi zina ntchito imayambiranso poyambira, miyezi n'kumapita.

Tsono zatsopanozo ndi ziti?

Kwa amene khansa yawo imadya mahomoni, ndipo ndiwo ambiri, chithandizo chachikulu ndi kapiritsi komwa kamodzi pa tsiku kwa zaka 5, ena mpaka 10. Tamoxifen ndi wakale, wotsika mtengo, ndipo wapulumutsa amayi ochuluka kuposa mankhwala ambiri otchuka a masiku ano. Amene anasiya kusamba angapatsidwe anastrozole kapena letrozole. Chovuta chake n'choti piritsi lotchipa anthu saliopa. Bala la opaleshoni likapola, tsitsi likameranso, mayi wabwerera pa tebulo lake ku msika wa Soweto, piritsi limayamba kuiwalika. Musatero, amayi. Mukamva kutentha m'thupi kapena kuphwanya mfundo, kanenedzeni kuchipatala, osasiya nokha. Koma mukaona magazi pamene munasiya kale kusamba, kapena mwendo umodzi watupa ndipo ukuwawa, pitani tsiku lomwelo. Tamoxifen sagwirizana ndi mimba, choncho kambiranani ndi anamwino za njira yolera yoyenera, poti njira za mahomoni sizilimbikitsidwa kwa wodwala khansa imeneyi.

Kwa amene ali ndi HER2, pafupifupi mmodzi mwa odwala asanu kapena asanu ndi mmodzi, nkhani inasintha mu 1998 pamene dziko la America linavomereza trastuzumab, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la malonda la Herceptin. Kale mtundu umenewu unali m'gulu la yoopsa kwambiri. Mankhwalawa amaperekedwa milungu itatu iliyonse, kawirikawiri kwa chaka chimodzi, ndipo mtima umayenera kupimidwa asanayambe komanso ali mkati, chifukwa kwa ena amaufooketsa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2015, patatha zaka 17. Mu Disembala 2019 bungweli linavomereza trastuzumab woyamba wopangidwa ndi kampani ina, wogwira ntchito mofanana koma wotsikirako mtengo. Pa nthawiyo linati mankhwala a kampani yoyamba ankadya pafupifupi madola 20,000 pa wodwala mmodzi. Ganizirani mayi wogulitsa tomato kapena wosoka zovala kuti ndalama zimenezo angazitole zaka zingati.

Zina zikubwerabe. Palbociclib, amene anavomerezedwa ku America mu 2015, amamwedwa pamodzi ndi mapiritsi a mahomoni pamene khansa yafalikira. Trastuzumab deruxtecan, yemwe amanyamula kemo n'kukaitula pa selo la khansa lenilenilo, anasonyeza mu 2022 kuti amathandiza ngakhale amene HER2 yawo ndi yochepa. Pembrolizumab amadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi mtundu wopanda zitatu uja. Onsewa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo banja wamba silingawafike palokha.

Koma si zatsopano zonse zimene zimafuna ndalama zambiri, ndipo kwa ine izi ndiye zofunika kuzitchera khutu. Kuwotcha maselo a khansa ndi cheza cha makina (radiotherapy) kale kunkatenga maulendo 25 m'milungu isanu. Kenako kunatsika kufika pa 15. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa FAST-Forward anasonyeza mu 2020 kuti kwa odwala ambiri amene khansa yapezeka msanga, maulendo 5 m'mlungu umodzi amakwanira. Kafukufuku wina wa komweko, PERSEPHONE, anapeza mu 2019 kuti miyezi 6 ya trastuzumab imathandiza pafupifupi mofanana ndi miyezi 12. Mayi wochokera ku Katete kapena ku Petauke, amene watsikira pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ndipo akugona kwa mlamu wake ku Mtendere, akudziwa kusiyana kwa mlungu umodzi ndi milungu isanu. Amene angasankhe ndi adokotala, malinga ndi mmene matenda alili, koma kufunsa si kupanda ulemu. Opaleshoni nayonso inasintha: chotupa chikapezeka chili chaching'ono, n'zotheka kuchotsa chotupa chokha bere n'kutsala, bola pambuyo pake pakhale kuwotcha.

Nanga chilungamo chili pati? WHO imati mu 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere pa dziko lonse, ndipo 670,000 anamwalira. M'maiko olemera, amayi oposa 90 mwa 100 amakhala ali moyo patatha zaka 5. Kafukufuku wa ABC-DO, amene anatsatira odwala ku Zambia, Namibia, Nigeria, Uganda ndi South Africa, anapeza kuti mwa odwala a ku Zambia osakwana theka ndiwo anali moyo patatha zaka 3 zokha. Mtengo wa mankhwala atsopano uli ndi mbali yake pamenepa. Koma ofufuzawo analoza kwambiri zinthu ziwiri: kufika kuchipatala matenda atakula kale, ndi kusalandira kapena kusamaliza chithandizo chimene chilipo.

N'chifukwa chake WHO mu 2021 inakhazikitsa miyezo itatu imene nafenso tingaigwiritse ntchito pofunsa atsogoleri athu. Odwala 60 mwa 100 azipezeka matenda ali pa siteji 1 kapena 2, kutanthauza asanakule kwambiri. Kupima konse kuzitha pasanathe masiku 60 kuchokera pamene mayi wafika koyamba kuchipatala. Odwala 80 mwa 100 azimaliza chithandizo. Masiku 60 amenewo alembeni pa kalendala. Akamayandikira kutha zotsatira zisanabwere, bwererani mukafunse, ndipo mutenge wachibale wolimba pakamwa. Makomiti a zaumoyo a m'makomboni, mabungwe a amayi a kumpingo ndi magulu a chilimba ali ndi mawu: afunseni makhansala ndi aphungu ngati kupima HER2 kukuchitika nthawi zonse m'zipatala za boma, ndiponso ngati trastuzumab wotsika mtengo uja akugulidwa mosadukiza. Mankhwala amene amangopezeka kwa wokhala ku Kabulonga wokwanitsa kuuluka kupita ku India kapena ku Johannesburg sitinganene kuti afika m'dziko.

Za ndalama, ngati muli ndi khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya boma ya NHIMA funsani pachiyambi pomwe zimene limalipira ndi zimene sililipira, kuti banja likonzekere. Mukauzidwa kukagula mankhwala panokha, gulani ku famase yolembetsedwa ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, mutanyamula kalata ya adokotala. Trastuzumab amasungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8. Wokugulitsani kuchokera m'chikwama kapena pa Facebook sangakutsimikizireni kuti sanatenthedwe m'njira, ngakhalenso kuti m'botolomo muli mankhwala enieni. Ndipo musagulitse nyumba kapena munda chifukwa cha dzina la mankhwala limene mwana wanu waona pa intaneti, pepala la ER, PR ndi HER2 lisanaonedwe ndi dokotala wa khansa.

Amene mukumwa ma ARV pitirizani kumwa, ndipo muuze a ku khansa mtundu wake, chifukwa mankhwala ena salolerana. Chimodzimodzinso zitsamba zilizonse zimene mwapatsidwa kwa asing'anga: nenani poyera, musabise. Mapemphero apitirire, koma tsiku la kemo lisadumphidwe.

Kwa amene simunadwale, zizindikiro zopitira kuchipatala ndi chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere yolowa mkati, khungu lochita timaenje kapena kufiira, ndi magazi otuluka ku nsonga. Chotupa cha khansa nthawi zambiri sichiwawa poyamba, choncho musadikire ululu. Zotupa zambiri si khansa, koma wodziwa ndi wopima. Abambo, inunso mukamva chotupa kuseri kwa nsonga ya bere pitani mukapimidwe, chifukwa pafupifupi mmodzi mwa odwala 100 amakhala mwamuna.