Momwe mungasankhire zinthu zoti galu wanu azitafuna osavulala

Galu sangasiye kutafuna. Mukapanda kumupatsa chake, adzadzipezera yekha nsapato, mwendo wa mpando kapena waya wa magetsi. Kutafuna kumamukhazika mtima pansi, kumamuchotsa kunyong'onyeka, komanso kumapala litsiro la m'mano. Vuto ndi loti zinthu zambiri zomwe anthu amapatsa agalu ndi mtima wabwino, kuphatikizapo zogula zolembedwa kuti ndi za agalu, ndi zomwenso zimathyola mano ndi kutseka matumbo.

Yambani ndi galuyo, musanaganize zogula chilichonse. Ali ndi msinkhu wanji? Mwana wagalu amakhala ndi mano 28 aubwana, omwe amayamba kuguluka akakwana miyezi pafupifupi 4, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amakhala atamera mano 42 achikulire. Nthawi imeneyi nkhama zimamuyabwa ndipo amaluma chilichonse. Mupatseni choseweretsa cha labala wofewa, kapena kansalu koyera komwe mwakanyowetsa, n'kukapota ndi kukaumitsa mufiriji, bola mukhale pompo kuti asakang'ambe n'kumeza. Galu wokalamba naye amafuna zofewa chifukwa mano amakhala atatha mphamvu. Kenako onani katafunidwe kake. Alipo agalu odekha omwe amanyambita ndi kukukuta pang'onopang'ono tsiku lonse, alipo ong'amba omwe sapuma mpaka chinthu chitathetheka, ndiye pali omeza, omwe akangobenthula chidutswa amachikwiza chonse. Galu womezayu ndi amene ayenera kukudetsani nkhawa kwambiri, ndipo zambiri zomwe zili bwino kwa anzake kwa iye si zabwino.

Chachiwiri, yesani kulimba kwa chinthucho. Apa ndi pomwe eni agalu ambiri amaphonya, chifukwa amaganiza kuti galu wansagwada zamphamvu amafunika chinthu cholimba gwa choti chikhalitse. Chinthucho chimakhalitsadi, koma chomwe chimagonja ndi dzino. Galu akaluma mwamphamvu chinthu chosapindika, dzino lomwe limasweka kawirikawiri ndi lalikulu lija la m'mbali chakumwamba, lomwe amadulira nyama. Likabenthuka mpaka mkati mwake kuonekera, tizilombo timalowa ndipo pamatha kutuluka chotupa m'munsi mwa diso. Zikatero mankhwala ake nthawi zambiri ndi kulizula atamugonetsa tulo. Chopweteka n'choti agalu ambiri amapitiriza kudya ngati palibe chachitika, kotero mwini wake amadziwa mochedwa.

Mayeso ake ndi osavuta. Dinani chinthucho ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Chikasiya kachizindikiro, chinthucho n'chofewa mokwanira. Chikapanda kulowa ngakhale pang'ono, chibwezereni pomwe mwachitenga. Madokotala a mano a ziweto amanenanso kuti ngati simungalole kuti munthu akugogodeni nacho pa bondo, musachiike m'kamwa mwa galu. Mukayesa motere muona kuti nyanga, ziboda, mafupa a pulasitiki wolimba ndi mafupa akuluakulu a miyendo ya ng'ombe zonse zikulephera, ngakhale zimagulitsidwa kwambiri.

Chachitatu ndi kukula. Chotafunacho chikhale chachikulu moti sichingalowe chonse m'kamwa. Mukakayika pakati pa ziwiri, tengani chokulirapo. Samalaninso ndi fupa lodulidwa ngati mphete, lokhala ndi bowo pakati: galu akamanyambita mafuta a mkatimo, mpheteyo imatha kulowa m'chibwano cham'munsi n'kukanirira kumbuyo kwa mano aatali aja.

Tsopano nkhani ya mafupa, yomwe anthu amakangana kwambiri. Fupa lophika, lowotcha kapena lokazinga musamupatse, kaya ndi la nkhuku, la nkhumba kapena la ng'ombe. Moto umaumitsa fupa moti likasweka limatuluka zidutswa zosongoka, zomwe zimabaya m'kamwa, kukodwa pammero kapena kuboola matumbo. Wina adzakuuzani kuti galu wake wadya mafupa a nkhuku moyo wake wonse osadwalapo. Zoona, agalu ambiri amapulumuka, koma yemwe sanapulumuke amafunika opaleshoni yamwadzidzidzi. Mu 2017 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu za mafupa owambidwa kapena ophikidwa omwe amagulitsidwa m'mapaketi, litalandira malipoti a agalu omwe anatsamwa, kutsekeka matumbo, ena kufa kumene.

Fupa laliwisi silisweka mosongoka choncho, koma nalo lili ndi zake. Limatha kuthyola dzino, limanyamula tizilombo monga Salmonella, ndipo mafuta a mkati mwake amatsegula m'mimba agalu ena. Ine ndimaona kuti phindu lake silifika pa chiopsezo chake. Koma ngati mwasankha kumupatsa, likhale lalikulu, likhale ndi mnofu, mumulande pakapita mphindi 15 kapena 20, ndipo musalisiye pabwalo kuti adzabwererenso mawa.

Zotafuna zopangidwa ndi chikopa chouma cha ng'ombe zimafuna nzeru yomweyo. Chikopacho chimafewa ndi malovu, ndipo galu wodekha amangochiperesa pang'onopang'ono. Koma womeza uja amadula chidutswa chachikulu, chomwe sichigayika msanga ndipo chimafufuma m'mimba. Makutu ouma a nkhumba ali ndi mafuta ambiri, ndipo mu 2019 anthu oposa 150 ku America anadwala Salmonella yomwe inachokera ku makutu oterewa. Onani bwino apa: odwalawo anali anthu, eni agalu ndi apabanja awo. Choncho sambani m'manja ndi sopo mukagwira chotafuna chilichonse chochokera ku nyama, ndipo ana aang'ono asamaseweretse.

Nanga zabwino ndi ziti? Zoseweretsa za labala wochindikala koma wopindika, zokhala ndi bowo loikamo chakudya, monga zopangidwa ndi kampani ya Kong, zimatangwanitsa galu nthawi yaitali popanda kuwononga mano. Ikanimo chakudya chake chonyowetsa n'kuumitsa mufiriji, muona atatanganidwa. Karoti wamkulu wosaphika ndi wabwinonso kwa galu yemwe sameza zinthu zathunthu. Pa zotafuna zotsuka mano, yang'anani chidindo cha Veterinary Oral Health Council (bungwe loona za mano a ziweto) pa paketi, chomwe chimasonyeza kuti zinayesedwa n'kupezeka kuti zimachepetsadi litsiro la m'mano. Zotafunazi sizilowa m'malo mwa mswachi, ndipo muyenerabe kusankha saizi yogwirizana ndi kulemera kwa galu wanu.

Werengani zomwe zalembedwa pa paketi. Ngati mukufuna kupaka chiponde m'choseweretsa, onetsetsani kuti mulibe xylitol, chotsekemeretsa chomwe chimatsitsa shuga wa m'magazi a galu mwadzidzidzi ndi kuwononga chiwindi. Anyezi, adyo, chokoleti ndi mphesa, zaziwisi kaya zouma, nazonso zisapezekemo. Kumbukiraninso kuti chotafuna chodyedwa ndi chakudya. Zonse zapadera zomwe galu amalandira pa tsiku zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake, kupanda apo adzanenepa inu osadziwa chifukwa chake.

Zina zongotola pakhomo ndi zoipa kuposa zogula. Chitsononkho cha chimanga sichigayika ndipo chimakanirira m'matumbo. Timitengo timabenthuka n'kubaya m'kamwa. Chingwe chikayamba kusomoka ulusi chitayeni, chifukwa ulusi wautali ukamezedwa umakwinya matumbo. Ngakhale mpira wa tenisi, ubweya wake umasunga mchenga ndipo umaperesa mano a galu yemwe amautafuna tsiku ndi tsiku. Woponyerana ndi wabwino, wogona nawo ayi.

Mukamupatsa chinthu chatsopano, khalani naye pafupi mpaka muone momwe akuchitira nacho. Chikachepa mpaka kufika poti angachimeze, chichotseni. Musamulande mwankhondo, chifukwa galu akaona dzanja likubwera amafulumira kumeza kapena kuluma. Muonetseni kachakudya kokoma, akasiya chotafunacho kuti atenge kachakudyako, inu n'kuchitola. Ngati muli ndi agalu angapo, aliyense atafunire payekha.

Thamangirani kwa dokotala wa ziweto mukaona galu akutuluka dovu kwambiri, akudzikanda pakamwa ndi phazi, akusanza mobwerezabwereza, akukana chakudya, akuvutika kuchita chimbudzi, kapena chimbudzi chili ndi magazi. Zizindikiro za kutsekeka kwa matumbo zimatha kuoneka patapita tsiku limodzi kapena angapo, choncho muuzeni dokotalayo zonse zomwe galu watafuna masiku apitawo. Ngati wameza fupa kapena chinthu chosongoka musamusanzitse, chifukwa chikamabwerera chimatha kucheka kummero. Ulusi ukamalendewera kukamwa kapena kumbuyo musaukoke. Tengani paketi kapena chidutswa chotsalacho mupite nacho limodzi.