Kuyenda chammbali pamwala osaponda pansi, mmene mungayambire kuno ku chigwa

Anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje, zokwera miyala sikuti mpaka mupite ku Mulanje pa Chambe ndi zingwe ayi. Mumangopeza chimwala chotambalala, mukwere pang'ono mapazi angochoka pansi kufika mmaondo, kenako muziyenda chammbali mpaka kumapeto osaponda dothi. Miyala yotere simungaisowe mmapiri a ku Thabwa kapena cha ku Chididi.

Yambani mwafunsa eni munda kapena a nyakwawa, kuno malo ena ndi a mizimu ngati mmene ilili nkhalango ya Khulubvi, sitimangolowa. Ku Majete musayerekeze nkomwe, anabwezeretsamo mikango mu 2012.

Pitani mmamawa cha mma 5 koloko, dzuwa likangokwera mwala umatentha ngati chiwaya ndipo manja amangotuluka thukuta mpaka kuterera. June ndi July ndiye nthawi yabwino, October uja kutentha kumadutsa madigiri 40, kasiyeni kaye. Madzi tengani ambiri.

Musanagwire paliponse pisani ndodo mming'alu, zinkhanira ndi mavu zimakonda momwemo, ndipo mphiri imangogona phee mmasamba osathawa. Chitedzenso muyang'ane. Pogwira paliponse gogodani ndi chibakera, pakamveka kuti mkati muli mphako pasiyeni, pathyoka. Chotsani timiyala ndi zitsa pansi, yalani matiresi akale a siponji, ndipo mnzanu ayime kumbuyo kwanu manja ali mmwamba, ntchito yake sikukunyamulani koma kuteteza mutu ndi nsana mukagwa komanso kumakoka matiresi aja mukamasuntha.

Tsono nkhani yonse yagona pa mapazi, ndipo apa ndimalimbikira kwambiri chifukwa ambiri amadzikoka ndi manja nkutopa asanafike pakati. Manja akhale owongoka, mawondo opinda pang'ono, chiuno chiyandikire mwala. Pondani ndi nsonga ya chala chachikulu osati pakati pa phazi, ndipo maso asachoke paphazipo mpaka litakhazikika bwinobwino, mukamva nsapato ikukwecha mwala ndiye kuti mwaponda mothamanga. Ngati mukupita kumanja, phazi lakumanja litsogole, thupi litsatire kukakhala pamwamba pake, dzanja libwere pomaliza. Pena mupeza popondapo pali pamodzi pokha, kwezani chala pang'ono, phazi linalo lilowe pomwepo mwakachetechete. Nsapato ikhale yothina ya labala yofewa, mupukute fumbi kunsi kwake musanakwere, choko chopera chimathandiza kuumitsa zala.

Mikono ikayamba kulimba pezani pogwira pabwino, dzanja limodzi mulitsitse nkuligwedeza, kenako linalo. Malo okuvutani ayesereni paokha kangapo musanalumikize njira yonse. Mukaona kuti basi mukugwa, dumphirani pamatiresi ndi mapazi onse awiri mawondo atapinda, osatsamira dzanja pansi, mkono umathyoka choncho.