Mmene mungaphunzirire kugwa kwa ufumu wa Qing ku China popanda kuloweza zaka pamtima

Ophunzira ambiri amene ndakhala nawo pansi kuno ku Nkhotakota amaigawa patatu mbiri ya China ya m'zaka za m'ma 1800: nkhondo za maiko akunja pazokha, zipanduko pazokha, ndi kuyesa kukonza boma pakokha. Akatero amaloweza zaka bwinobwino, koma mukawafunsa chimene chinagwetsa ufumu wa Qing mu 1912, ufumu umene unalamulira kuyambira 1644, amangoti kukamwa yasa. Zitatuzi zinali kuberekana, ndipo ziyenera kulembedwa pa pepala limodzi.

Tengani kalendala yakale ya pakhoma, muitembenuze, ndipo kumbuyo kwakeko mujambule mzere umodzi wautali woyambira 1839 mpaka 1912. Mukhale ndi zolembera za mitundu itatu, mtundu uliwonse wa nkhani ndi cholembera chake. Lamulo lake ndi limodzi: mukalemba chochitika, jambulani muvi wochokera pa chimene chinachiyambitsa, ndipo chikasowa muvi mudziwe kuti simunachimvetse.

Yambani ndi opiyamu, mankhwala ozunguza bongo amene amalonda a ku Britain ankabweretsa kuchokera ku India. Mu 1839 nduna ya mfumu, Lin Zexu, inawononga mabokosi oposa 20,000 a mankhwalawa, nkhondo ya pakati pa China ndi Britain inabuka, ndipo pa pangano la ku Nanjing la 1842 China inapereka chilumba cha Hong Kong kwa Britain, inatsegula madoko asanu kuphatikizapo Shanghai, ndiponso inalipira chindapusa. Apa musathamange, chifukwa mivi yofunika ikuchokera pamenepa. Siliva ankatuluka m'dziko pogula opiyamu, pamene mlimi ankagulitsa mbewu zake ndi makobidi a mkuwa koma msonkho wake unkawerengedwa m'siliva, motero msonkho unkamulemera ngakhale boma lisanaukweze. Malonda atayamba kusamukira ku Shanghai, amtengatenga ambiri a kumwera amene ankadalira njira za ku Guangzhou anasowa ntchito.

Mivi iwiriyo muilozetse pa chipanduko cha Taiping, cha 1850 mpaka 1864. Mtsogoleri wake, Hong Xiuquan, analephera kangapo mayeso olowera ntchito m'boma, kenaka n'kuyamba kulalikira kuti iye ndi mng'ono wake wa Yesu, ndipo mu 1853 otsatira ake analanda mzinda wa Nanjing. Akatswiri ambiri amati anthu pafupifupi 20 miliyoni kapena kuposerapo anafa. Kuti nthawiyi ikhazikike m'mutu, lembani m'munsi mwa mzere kuti chipandukochi chinali chisanathe pamene David Livingstone ankakumana ndi Jumbe pansi pa mkuyu uja wa kuno kwathu. Nkhondo yachiwiri ya opiyamu, ya 1856 mpaka 1860, imene inathera pa kutenthedwa kwa nyumba zachifumu za Yuanmingyuan, muilembe pamwamba pa chipandukocho kuti muone boma likumenyedwa mbali ziwiri nthawi imodzi.

Chimene ambiri amachidumpha ndi funso lakuti anagonjetsa a Taiping ndani. Asilikali akale a mfumu analephera, ndipo ntchitoyo inagwiridwa ndi magulu ankhondo amene akuluakulu monga Zeng Guofan ndi Li Hongzhang anasonkhanitsa m'zigawo za kwawo. Akuluakulu omwewa ndiwo anatsogolera ntchito yolimbitsa dziko pomanga mafakitale a zida, monga ya Jiangnan ku Shanghai mu 1865, koma kayendetsedwe ka boma sanakakhudze. Kwa ine apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa mphamvu zinayamba kuchoka kwa mfumu kupita kwa akuluakulu a m'zigawo.

Zotsalazo zimayenda mofulumira. Japan inagonjetsa China mu 1895 n'kutenga Taiwan, ndipo manyazi amenewo anabala kusintha kwa 1898, pamene mfumu Guangxu, molangizidwa ndi Kang Youwei, inalamula kukonzanso maphunziro ndi maofesi a boma, koma patangotha masiku 103 mfumukazi Cixi, mayi wa mfumu yapitayo amene anali ndi mphamvu zenizeni, inathetsa zonsezo. Chipanduko cha Boxer cholimbana ndi alendo chinabweretsa asilikali a maiko asanu ndi atatu ku Beijing mu 1900, ndipo chaka chotsatira China inavomera chindapusa cha ndalama zasiliva zotchedwa tael zokwana 450 miliyoni. Pamenepo Cixi yemweyo anayamba kusintha zimene anakana, ndipo mu 1905 mayeso akale aja anathetsedwa.

Muvi womaliza ndi wautali kuposa yonse. Uchokere pa magulu ankhondo a m'zigawo a m'ma 1860, udutse pepala lonse, ukafike pa 10 Okutobala 1911, pamene asilikali anagalukira boma ku Wuchang ndipo zigawo zinayamba kudzipatula chimodzichimodzi mpaka mfumu yaing'ono Puyi inatula pansi ufumu mu February 1912. Mukamaliza, phimbani zaka zonse ndi dzanja, ndipo mufotokozere mnzanu nkhaniyo potsatira mivi yokha.