Mmene mungaimvetsere nkhondo ya ma Kurd ndi ISIS ku Syria

Anzanga ambiri akaona nkhani ya Syria pa foni amangoipitilira eti maina ndi ambirimbiri, mutu umazungulira. Inenso poyamba zinkandibalalitsa mpaka tsiku lomwe ndinatsegula mapu, nde ndikuuzeni mmene mungapangire.

Yambani ndi Google Maps basi, sakani Kobani. Ndi katauni kakang'ono kokhudzana ndi boda ya Turkey kumpoto kwa Syria. Kumanzere kwake muona mtsinje wa Euphrates, uja timawerenga m'Baibulo kuti Firate, chala chanu chisachoke pa mtsinje umenewu chifukwa mbali yaikulu ya nkhondoyi inayenda motsata madziwo kulowera kumunsi mpaka kukafika malire a Iraq.

Kenako gwirani maina atatu okha, ena muwapeza mtsogolo. YPG ndi asilikali a ma Kurd (mtundu wa anthu okhala kumpoto kwa Syria ndi maiko oyandikana nawo), YPJ ndi gulu lawo la azimayi, ndipo SDF ndi mgwirizano womwe unapangidwa mu Okutobala 2015 kuphatikiza ma Kurd, Aluya ndi magulu ena achikhristu, mkulu wawo pa nkhondoyi anali Mazloum Abdi. Mukaona mawu oti Daesh musadabwe ndi ISIS yomweyo, gulu la zigawenga lomwe linalanda madera ambiri ku Syria ndi Iraq. Komanso matauni ena ali ndi maina awiri, Kobani mu Chiarabu amati Ayn al-Arab, nde mukasaka dzina limodzi osapeza kanthu yesani linalo.

Tsopano tsatani zaka. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Syria inayamba 2011. Mu Seputembala 2014 ISIS inazinga Kobani ndipo anthu ambiri ankangoti tauni ija yapita basi koma ma Kurd anakanirira nyumba ndi nyumba, ndege za America zikuponya mabomba kumwamba, mpaka Januwale 2015 anathamangitsa ISIS. Apa ndi pomwe zinthu zinatembenukira. Tauni ya Tal Abyad ma Kurd anailanda kwa ISIS 2015 yomweyo, Manbij mu Ogasiti 2016, damu la Tabqa mu Meyi 2017, kenako Raqqa yomwe ISIS inkaitenga ngati likulu lake inagwa mu Okutobala 2017. Kotsiriza ndi kamudzi ka Baghouz pa 23 Malichi 2019. A SDF eni ake ananena kuti anataya asilikali pafupifupi 11,000.

Pa Raqqa paja imanipo kaye, musathamange. Yang'anani zithunzi za mzindawo nkhondo itatha, nyumba zogumuka mbali zonse. Mabungwe a Amnesty International ndi Airwars atafufuza anapeza kuti anthu wamba opitilira 1,600 anafa ndi mabomba a America ndi anzake, anthu oti ISIS inkawakaniza kuthawa. Ine ndimawalemekeza kwambiri anyamata ndi atsikana aja anaima pa Kobani koma munthu akamafotokoza za chipambano osatchula maliro amenewa ndimaona kuti wasiya theka la nkhani.

Nkhani ya Turkey musaisiyenso, popanda iyo simumvetsa chifukwa chomwe ma Kurd ankamenyedwa kumbuyo pomwe akulimbana ndi ISIS kutsogolo. Turkey imati YPG ndi nthambi ya PKK, gulu la ma Kurd a ku Turkey lomwe inamenyana nalo kuyambira 1984, nchifukwa chake inalowa ku Afrin 2018 ndikulowanso Okutobala 2019 kulanda Tal Abyad ndi Ras al-Ayn. America inali ndi ma Kurd komanso ili ndi Turkey mu mgwirizano wa zankhondo wa NATO, mwaonatu povuta pake.

Za mavidiyo a pa Facebook ndi WhatsApp chonde musamangotumiza. Funsani kaye wajambula ndani, liti, kuti, chifukwa mbali iliyonse ili ndi olengeza ake ndipo ISIS inkapanga mavidiyo ake dala kuti anthu aziwafalitsa. Vidiyo yophana ikakupezani ingoifufutani.

Mukamaliza zonsezi sakani al-Hol pa mapu, kummawa kwa mzinda wa Hasakah. Ndi kampu yomwe anasonkhanitsako azimayi ndi ana otuluka ku Baghouz, mu 2019 anthu anapitilira 70,000, ambiri mwa iwo ana ang'onoang'ono oti sanagwirepo mfuti, ndipo maiko ena kwa zaka ankakana kukatenga nzika zawo.